Margarita ndi Kompyuta Yokalamba ya ku Mandimba

Margarita anabadwira ku Ngauma, m'banja la alimi a chimanga ndi fodya, ndipo sukulu anailekezera kalasi yachinayi ku mishoni. Nkhondo itafika m'midzi yawo anathawira ku Malawi ndi mwamuna wake Mateus, mwana wina ali kumbuyo, wina ali m'mimba. Mateus sanabwerere kwawo. Anamwalira ndi kolera ku kampu ya anthu othawa nkhondo, namusiya mkazi wake ndi ana awiri ndi poto mmodzi.

Ku kampu komweko kunabwera bungwe lina kudzaphunzitsa akazi amasiye ntchito zamanja. Tsiku lolembetsa Margarita anachedwa pa mzere wa madzi, ndipo pofika anapeza makina osokera onse ali ndi eni ake. Anamukhazika pa taipi. Anadandaula sabata yathunthu, akuti kodi taipi inadyetsapo mwana wa yani? Koma zala zake zinaigwira ntchitoyo msanga, moti pomaliza maphunziro ankalemba maso ali kwina.

Mu 1994 lole inawatsitsa ku Ngauma. Munda wa makolo ake unali utasanduka tchire, ndipo cha kudimba kunali timitengo topaka utoto wofiira, kuchenjeza kuti pansi pali mabomba. Mlongo wake Maliko anamugawira kachigawo ka munda wake, koma kanali kochepa. Atakolola kamodzi n'kuona kuti chimangacho sichifika ndi Disembala yemwe, Margarita anatenga ana ake n'kupita ku Mandimba, kumene anayamba kugulitsa mandasi pakhonde la loja, kapena kuti sitolo, ya bambo Yusufu.

A Yusufu anali Myao wa pa Mandimba pomwepo. Loja yawo yoyamba inapsa pa nkhondo, ndiye anayambiranso ndi njinga imodzi, kukapikula sopo ndi shuga ku Chiponde. Pofika 1997 lojayo inali itadzaza makasu, malata, misomali, mbewu, feteleza ndi zipangizo za njinga, chifukwa aliyense wobwerera ankamanga ndi kulima. Katundu anachuluka kuposa mutu wa mwini wake, ndipo anzawo a ku Cuamba anawauza za bambo Celestino.

A Celestinowa anagwirapo ntchito mu ofesi ya katundu ku njanji, ndipo za makompyuta anakaziphunzira ku Nampula. Analemba okha pulogalamu ya m'maloja, yosunga katundu amene walowa, amene watuluka, amene watsala ndi mitengo yake. Anafika ku Mandimba pa shapa, minibasi ya kumeneko, kompyuta ataikulunga m'bulangete ngati wodwala. Anailumikiza ku jenereta, pagalasi lakuda panatuluka zilembo zobiriwira, ndipo anawakhazika a Yusufu pampando kuti aphunzire.

A Yusufu anatulutsa chala chimodzi. Ankafunafuna chilembo, n'kuchibaya, n'kuyang'ana pagalasi ngati chiwaluma. Margarita ankaonerera pazenera, ndipo kuseka kunamupulumuka.

"Mukuseka chiyani, mayi a mandasi?" anafunsa a Yusufu.

"Pepani bambo. Kungoti mukujompha ngati nkhuku."

"Ndiye bwerani mudzajomphe inuyo."

Anapukuta mafuta m'manja ndi chitenje n'kukhala pansi. Zilembo zinali pamalo pomwe anazisiya pa taipi. Tsiku limenelo mandasi anagulitsa ndi mwana wake wamkulu, ndipo Margarita sanabwererenso pakhonde.

Chipwitikizi chake chinali cha kalasi yachinayi, chochita dzimbiri ndi zaka za ku Malawi, pomwe Chinyanja cha a Celestino chinali chothyokathyoka, chonunkhira Chimakuwa. Komabe ankamvana. Ataona kuti mawu ena a pagalasi akumusokoneza, a Celestino anawasintha. Margarita akalakwitsa, makinawo ankalemba kuti, "Pepani mayi, bwerezani." Anthu ankachoka kumsika kudzaona kompyuta yaulemu, yodziwa kupepesa.

Zaka zisanu ndi zitatu zinadutsa chomwecho. Margarita anamanga nyumba ya njerwa zootcha, ana anapita ku sekondale. A Celestino ankabwera pakapita miyezi ingapo, atanyamula madisikete osungira za m'kompyuta m'jumbo ndi kaburashi kochotsera fumbi. Akonza pamene pavuta, awonjeza chimene a Yusufu apempha, amwa tiyi, n'kukwera shapa yobwerera.

Chakumapeto kwa 2005, mitambo itayamba kusonkhana, anabwera ndi akazi awo, mayi Estere, zimene anali asanachitepo. Margarita anaona kuti potsika pakhonde mayiwo anawagwira mkono. A Celestino atakhala pa kompyuta, nkhope anaiyandikiza mpaka mphuno kutsala pang'ono kukhudza galasi. Atamaliza kupukuta fumbi anapempha kuti a Yusufu abwere.

"Patarau," anatero a Celestino, kutanthauza kuti bwana, "ndabwera kudzatsanzika nthawi ikadalipo. Chaka chamawa chonse ndikuthandizani. Chikatha, sindidzabweranso."

"Takulakwirani chiyani?"

"Palibe. Shuga wandidya maso. Dokotala ku Nampula wandiuza kuti otsalawa sakhalitsa. Komanso makina a mtundu uwu anasiya kupangidwa, chikathyoka chinthu m'katimu mudzachisowa. Ndiye mwamva pa wailesi kuti ndalama isintha, achotsa maziro atatu. Pamene ndinkalemba pulogalamuyi masentavo, makobidi aang'ono aja, anali atafa, ndiye sindinawasiyire malo. Singano ya mazana asanu idzakhala theka la metikali, ndipo pulogalamu yanga theka silidziwa."

"Ndiye iphunzitseni."

"Ndiyenera kuiphwasula yonse. Maso ake ndilibe."

A Yusufu anayang'ana kompyuta ija, imene inkangolira bwinobwino monga mwa masiku onse. "Chinthu chikugwira ntchito ichi," anatero. "Njinga yanga yoyamba ija ndimaikwerabe. Mwina mwapeza china choti mundigulitse."

Mayi Estere ndi amene anayankha, mawu ali pansi: "Tikanafuna kukudyerani, bambo, tikanangokhala chete mpaka tsiku limene mudzatifune n'kutisowa."

Mumtima Margarita anali mbali ya a Yusufu. Anali ataonapo makompyuta atsopano ku ofesi za boma, a zithunzi ndi mitundu, ndipo okhala pamenepo anali achinyamata a kalasi khumi ndi ziwiri, olankhula Chipwitikizi chosalala. Iye zaka zinali zitapitirira makumi anayi. Ankadziwa kuti akachotsa makina akalewa, mwina achotsa ndi wowagwiritsa ntchito yemwe. Choncho nkhaniyo anaikwirira, ndipo a Yusufu akaiyamba ankangoti, "Tiona kutsogolo."

Mu Januwale, m'mawa wina anthu atadzaza pakhonde kufuna feteleza wobereketsa, kompyuta inakana kuyaka. Inangolira kawiri n'kukhala chete. Margarita sankadziwa pamtima mitengo ya zinthu zonse, ndipo a Yusufu sankadziwa matumba amene atsala kunyumba yosungira katundu. Alimi anayamba kung'ung'udza, ena n'kupita kwina. Margarita anathamanga kukaimba foni ku Cuamba. A Celestino anamuuza kuti atsegule bokosilo, azule kachingwe kotambalala kotuwa, akauzire, n'kukabwezera. Anachita zomwezo, ndipo dzuwa lili pamutu zilembo zobiriwira zinabwerera.

A Yusufu anaomba m'manja. "Mwaona? Yadzuka!"

Koma Margarita anakhala pampando thukuta lili kamukamu, akuganiza za bambo ake omubereka. Atatseka loja anawatsatira a Yusufu kuseri kumene ankatawasa, kusamba kokonzekera mapemphero.

"Bambo, ndikuuzeni nkhani ya kwathu. Chaka chimene tinathawa, anthu anayamba kuchoka m'mudzi nkhondo ikadali kutali. Ananyamuka masana, akukusa mbuzi, atasenza mbewu ndi mapoto. Bambo anga anakana. Ankati nkhokwe zadzaza, mudzi uli phee, tithawe chiyani? Ndipo sankanama, mudzi unalidi phee. Ife tinadzachoka mfuti zikulira, ndi nsalu ya m'thupi yokha. Anzathu aja tinakawapeza ku Malawi atamanga kale."

A Yusufu anapukuta kumaso pang'onopang'ono. Nawonso anthu anawauzapo kuti asamutse katundu loja isanapse, ndipo Margarita ankadziwa zimenezo, koma sanazitchule.

"Ndiye mukuti tisamuke," anatero.

"Tisamuke masana."

"Chabwino. Koma musandithere chuma. Ndipo nkhaniyi ndi yanu, ine za kujompha ndinalephera kale."

Margarita anayamba ndi zimene akanatha yekha. Loweruka lililonse ankakopera zonse za m'kompyuta pa madisikete, ndipo ena ankawatumiza kwa Maliko ku Ngauma m'chitini cha mabisiketi, kuti moto kapena akuba asapeze zonse pamalo amodzi. Maliko ankachisunga pamwamba pa mtanda, osadziwa n'komwe kuti muli chiyani, ndipo ana ake anauzidwa kuti ndi mankhwala a makoswe. Mwezi ukatha Margarita ankasindikiza katundu yense papepala, pulinta ikulira ngati nyenje tsiku lonse. Anamvanso kuti ku ofesi ina kuli kompyuta yakufa ya mtundu womwewo, yongotsekera chitseko, ndipo anaigula ndi nkhuku ziwiri kuti azichotsako zipangizo.

Mvula itatha anakwera sitima ku Cuamba kupita ku Nampula, kukaona kampani imene a Celestino anamulozera. Wogulitsa wake anali bambo wa tayi, ndipo anamuonetsa zodabwitsa zambiri. Margarita anamvetsera zonse, kenako anafunsa m'Chipwitikizi chake chopunduka:

"Inuyo mukadzatopa nayo pulogalamuyi, mudzatiuza liti?"

"Mayi, ife sititopa. Ndife kampani."

"Amene anatipangira yoyamba ankatikonda, koma maso awathera. Inu simutidziwa n'komwe. Lembani papepala kuti mudzatichenjeza kutatsala chaka chathunthu, ndiponso kuti zathu zonse tidzatha kuzitulutsa n'kupita nazo kwina."

Bamboyo anaseka, koma ataona kuti mayiyu akumanga chitenje kuti azipita, analemba.

Vuto lalikulu linali kusamutsa za m'kompyuta yakale. A ku Nampula anati pali njira ziwiri: kulembanso chilichonse ndi manja, kapena kupempha mwini pulogalamu yakaleyo kuti atsegule khomo lotulutsira. Zaka zisanu ndi zitatu za malonda sizikanalembeka ndi manja. Koma pofika nthawi imeneyo a Celestino ankangoona kuwala ndi mdima.

Margarita anapita kwawo ku Cuamba, kuseri kwa njanji, ndipo anawapeza atakhala pansi pa mtengo wa mango, wailesi ili pamiyendo.

"Khomolo ndi laling'ono, ndikhoza kulipanga," anatero a Celestino. "Koma ndiona bwanji?"

"Ndikuwerengerani. Inu muzinena, ine ndizilemba."

"Si mawu a anthu amenewo, mayi Margarita. Ndi timadontho ndi timichira. Mukaphonya kamodzi, zonse zafa."

"Ndiye tiyambe lero, kuti tiphonye msanga."

Kuyambira pamenepo mwezi uliwonse ankapita ku Cuamba masiku angapo, n'kumagona kwa mayi Estere. Msewu unali wafumbi, ndipo ankafika tsitsi lili lofiira. A Celestino ankakhala atafulatira kompyuta yawo, maso atatseka, Margarita n'kumawerenga mzere ndi mzere, chilembo ndi chilembo. Malo ena ankawakumbukira pamtima, n'kumamutsogolera asanamalize kuwerenga. Malo ena ankadabwa okha. "Ndinalemba ine zimenezo? Ndinali nditaledzera kapena?"

Tsiku lina chinthu chinakana kuyenda kuyambira m'mawa. Margarita anawerenga mzere womwewo mobwerezabwereza, ndipo a Celestino anamenya tebulo.

"Mukudumpha china chake! Werengani zimene zilipo, osati zimene mukuganiza!"

"Ndawerenga zonse, bambo."

"Ndikanakhala ndi maso anga ndikanachiona nthawi yomweyo!"

Margarita anamva misozi ikubwera, koma atacheuka anapeza kuti a Celestino ndi amene akulira, manja ataphimba kumaso. Mayi Estere analowa ndi chinangwa chophika, anachiika patebulo, n'kuwasisita amuna awo paphewa. Atadya, Margarita anayambanso kuwerenga, ulendo uno akuloza ndi kamtengo ka machesi, ndipo anapeza kuti pamene iye ankati pali ziro panali chilembo cha O. Anaseka onse atatu mpaka nkhuku zinathawa pakhomo.

Kompyuta yatsopano inafika ku Mandimba mu Ogasiti, ndalama zatsopano zitayamba kale kuyenda limodzi ndi zakale. Inabwera ndi kachipangizo kogwira m'manja kamene a ku Nampula ankakatchula kuti rato, ndiye kuti khoswe, ndipo khosweyo anamuzunza Margarita kuposa china chilichonse. Zala zimene zinkathamanga pa zilembo zinasanduka zitsa. Akati akankhe pang'ono, kamuvi kathawira pakona. Wophunzitsa amene kampani inatumiza anakhala masiku owerengeka n'kubwerera, ndipo Margarita anatsala akudziona ngati mwana wa kalasi yoyamba. A Yusufu anadutsa tsiku lina, anaima kumbuyo kwake n'kuonerera.

"Mayi Margarita," anatero, "mukujompha."

Anafuna kukwiya, koma analephera.

"Musadandaule," anapitiriza a Yusufu. "Mwana wa mlongo wanga wandipempha mpando umenewu kawiri. Ndamuuza kuti uli ndi mwini wake."

Anagwirizana kuti makina onse awiri aziyenda limodzi mpaka chaka chithe. Chilichonse chogulitsidwa ankachilemba kawiri, kuno ndi maziro, uko popanda maziro, ndipo madzulo ankayerekeza. Masabata oyamba sizinkagwirizana, ndipo a Yusufu anayamba kunena kuti chatsopanochi n'chabodza. Atafufuza, Margarita anapeza kuti chisokonezocho chinali chake chomwe. Pa zaka zonsezo chinthu chimodzi ankachilemba mayina osiyanasiyana, lero Chinyanja, mawa Chipwitikizi, mkuja dzina la pamsika. Khasu lomwelo linali ndi mayina atatu, ndipo panali mtundu wina wa misomali umene anangoulemba kuti "ya a Yusufu ija." Iye ankazimva zonsezo, koma makina atsopano ankayesa ndi zinthu zosiyana. Zinamutengera mwezi wathunthu, akuyenda m'mashelefu ndi pensulo kukhutu, kuti chinthu chilichonse chikhale ndi dzina limodzi.

Kompyuta yakale sinadikire Disembala. Mu Novembala jenereta inabwebweta, magetsi anakwera, ndipo m'bokosi munatuluka kafungo ka waya wopsa. Margarita anaikamo chipangizo cha m'kompyuta yogula ndi nkhuku ija, ndipo inayenda sabata imodzi n'kuzimiratu. M'mawa umenewo pakhonde panali anthu ofuna mbewu. Margarita anasuntha mpando wake pang'ono n'kupitiriza kugulitsa pa yatsopano. A Yusufu anadzazindikira masana kuti galasi lakuda lija silikuyaka.

Loweruka lake Margarita anakwera shapa kukawauza a Celestino, chifukwa anaona kuti si uthenga wonena pa foni.

"Yapita eti?" anatero. "Inalemba chiyani pomaliza?"

"Sinalembe kanthu. Inangozima."

"Nanga katundu?"

"Yense ali m'nyumba yatsopano. Sitinataye ngakhale msomali."

A Celestino anagwedeza mutu nthawi yaitali. Kenako anamuuza kuti ku Cuamba kuli maloja ena amene akugwiritsabe pulogalamu yawo. Onse anawachenjeza nthawi imodzi ndi a Yusufu, koma ambiri anangoti aona kutsogolo, ndipo tsopano chaka chikutha ayamba kugogoda pakhomo. Wina makina ake anali atafa kale popanda disikete ngakhale imodzi, ndipo ankawerenga katundu ndi manja, loja itatsekedwa.

"Khomo lija tinapanga limatsegula kulikonse," anatero. "Koma wodziwa kulitsegula ndinu."

"Ndikapemphe kwa a Yusufu. Ndipo ndiyambe ndabzala, chimanga sichidikira."

A Yusufu anang'ung'udza kuti akubwereketsa munthu wawo kwa opikisana nawo, koma analola. Dzinja lonselo Margarita ankayenda pakati pa Mandimba ndi Cuamba, nthawi zina shapa ikutitimira m'matope mpaka okwera kutsika kukakankha. Ankalowa m'loja atagwira a Celestino mkono. Iwo ankalankhula ndi mwini loja, iye n'kukhala pa makina. Pofika nthawi yokolola onse anali atasamuka, kupatula mmodzi.

Ameneyo anali mayi Ednah, wogulitsa nsalu pafupi ndi siteshoni, amene anakana kwamtuwagalu. Anati pulogalamu ya a Celestino sinawanamizepo, ndipo sangaisiye chifukwa cha maziro. Ankalembabe mitengo yakale m'makina, n'kumachotsa maziro atatuwo pamtima pouza wogula. A Celestino anawachonderera, analephera. Margarita sanalimbane nawo. Anangowaphunzitsa kukopera pa madisikete, ndipo akapita ku Cuamba kukaona a Celestino ndi mayi Estere ankadutsirako ndi kaburashi, kukachotsa fumbi. Makina a mayi Ednah anayenda zaka zina ziwiri, ndipo atafa, mayiwo anatumiza uthenga ku Mandimba kudzera kwa kondakitala wa shapa, woti mayi Margarita abwere msanga, ndipo asanene kuti ndinakuuzani.